Njira za Nthoci: Kucokera ku Munda Kufika ku Makomboni a Lusaka

Munthu woyenda m'mawa m'misewu ya Kanyama, kapena ya Chawama ndi George, sangapite kutali osaona mai atakhala pambali pa njira, patsogolo pace atayala thumba, ndipo pathumbapo pali tomato, mtedza ndi maphava awiri kapena atatu a nthoci. Ana a sukulu amagula imodzi imodzi. Wopita kukazonda matenda ku cipatala cacikuru amagula phava lathunthu, pakuti nkosayenera kufika kwa wodwala cimanjamanja. Cipatso cimeneci cinazolowereka kotero kuti ndi owerengeka amene amafunsa kumene cacokera. Komatu m'Lusaka mulibe minda ya nthoci yoti nkudyetsa mzinda wonse, ndipo zambiri mwa nthoci za pathumba paja zayenda ulendo wautali kuposa umene anayendapo mwana amene akuzidyayo.

Kuti mbiri yace imveke, nkofunika kuyamba ndi cibadwa ca mmera umene. Nthoci si mtengo weniweni. Cimene anthu amaciyesa thunthu ndi mapesi a masamba okulungana, ndipo tsinde lace lenileni liri pansi pa nthaka. Thunthu limodzi limabala mkoko umodzi wokha, patapita caka kapena kupitirira pang'ono, ndipo likabala nchito yace yatha. Mwini munda amalidula, ndipo ana amene aphuka m'mbali mwace amalowa m'malo. Nthoci zodyedwa ziribe mbeu yoti munthu nkufesa. Wofuna munda amapita kwa mnansi kukapempha mwana wa nthoci, namzula, namnyamula, nakamuoka kwao. Cotero nthoci siyenda yokha monga mkuyu umene mbalame zimafalitsa. Kuli konse kumene ipezeka, inafikako pa mutu kapena m'ngalawa ya munthu. Ndipo popeza mwana ali yense ndi cidutswa ca mai wace, nthenda imene igwira mmodzi ikhoza kugwira onse. Zinthu ziwiri izi ndizo zalamulira mbiri yonse ya cipatsoci.

Kwao kwa nthoci ndi ku zisumbu ndi maiko a kum'mawa kwa Asia. Pa dambo la Kuk, m'mapiri a New Guinea, ofukula zakale anapeza zizindikiro zakuti anthu anali kuzilima zaka ngati 7,000 zapitazo. Kucokera kumeneko zinaoloka nyanja ya India, nizifika mu Africa kale kwambiri, Azungu asanaganize nkomwe za dziko lino. Kumene zinapeza mvula yambiri zinasanduka cakudya ceniceni ca mtundu. Aganda amaphika matooke tsiku ndi tsiku. Ankhonde a ku Karonga ndi abale ao Anyakyusa a kumpoto kwa nyanja ya Malawi anamanga midzi yao m'kati mwa minda ya nthoci, ndipo Joseph Thomson, amene anapita m'dziko lao mu 1879, anazizwa ndi ukhondo wa midziyo ndi mthunzi wace. Kufikira lero ku Karonga amaphika mbalaga, nthoci zaziwisi pamodzi ndi nyama.

Koma pakati pa Acewa, Ansenga ndi Angoni sizinatero. Kwa iwo nthoci inali ya kudimba ndi ya kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzala pamene pamatayidwa phulusa ndi madzi otsukira mbale. Inali ya ana, ya odwala, ya apaulendo, ndi yosakaniza ndi ufa pophika zitumbuwa ndi cikondamoyo. Munthu wodya nthoci khumi ananenabe kuti wagona ndi njala ngati sanaone nsima. Ngakhale zinali tero, maina a mitundu yace amaonetsa kuti anthu anaisamala ndi kukumbukira kumene anaitenga. Ku Malawi kuli kabuthu wamfupi uja, kuli sukari, makumbuka, kholobowa ndi khazanga, kulinso mtundu wochedwa mulanje, wina harare, ndi wina wochedwa zambia. Maina otere ndi mapazi a anthu a paulendo, amene pobwerera kwao sanaiwale kunyamula kamwana ka nthoci m'katundu.

Lusaka mwini wace si dziko la nthoci. Mzindawu uli pamwamba, pa mamita ngati 1,280 kucokera pa nyanja yamcere. Mvula imagwa kuyambira November kufikira March, ndipo miyezi yotsalayo kuli gwa; mu June ndi July kumazizira kotero kuti masamba a nthoci amapsa m'mbali ndi kung'ambika ndi mphepo. Nthoci imafuna madzi mwezi uli wonse, ndiponso kutentha. Pamene njanji inafika mu 1905, ndipo kasiteshoni kanapatsidwa dzina la mfumu Lusaaka, malowa anali a ng'ombe, cimanga ndi miyala ya laimu. Boma la Northern Rhodesia linasamutsa likulu kucoka ku Livingstone kudza kuno mu 1935, potsata mapulani a mzinda wa mitengo ndi maluwa amene Stanley Adshead anayamba kulemba mu 1931. M'mapulanimo munali malo a Azungu, a maofesi ndi a masitolo, koma munalibe malo okwanira a anthu amene anadzamanga mzindawo ndi manja ao. Munthu wakuda anayesedwa mlendo, wodzagwira nchito ndi citupa cace, nabwerera kumudzi akakalamba.

Anthu sanabwerere. Lamulo la nyumba la 1948 litakakamiza makhonsolo kumangira anchito nyumba zokhalamo ndi mabanja, kunamangidwa Matero kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950. Koma nyumbazo zinali za olembedwa nchito okha. Otsalawo anakhala pa mapulazi a eni ace ozungulira mzinda, nalipira kangacepe pa mwezi kuti amangepo. Ndico cifukwa cace makomboni ena ali ndi maina a anthu: George linachedwa ndi dzina la George Hadjipetrou, amene anali ndi nchito youmba njerwa kumeneko, ndipo Chawama poyamba anali kuchedwa komboni ya Roberts. Kalingalinga anamera pa mapulazi osiyidwa kum'mawa kwa mzinda, ndipo Mtendere anatsegulidwa mu 1967, boma litafuna kusamutsirako anthu a ku Kalingalinga, ngakhale ambiri anakana kucoka. Ufulu utadza mu 1964, ndipo zitupa zitatha, anthu anakhamukira ku Lusaka monga madzi a cigumula. Mu 1963 mzindawu unali ndi anthu ngati 123,000. Mu 1969 anapitirira 260,000. Mu 1980 anapitirira 500,000. Ndipo kalembera wa 2022 anapeza oposa 2,000,000.

Khamu lonseli linali la anthu osalima, ofuna kugula cakudya ca tsiku ndi tsiku pang'ono pang'ono, monga mwa ndalama ya tsikulo. Nchito za malipiro zinali za amuna. Akazi a m'makomboni, amene kale anapeza ndalama pofulula mowa mobisa cifukwa boma linafuna kuti mowa ugulidwe ku holo ya khonsolo yokha, anapeza njira yina pa malonda a ndiwo ndi zipatso. Malonda a nthoci sanafune mpamba waukuru, sanafune sikelo, sanafune nkhuni kapena mphika. Cipatsoco cinadza ndi covala cace, ndipo cinagawika cokha, cimodzi cimodzi, monga mwa thumba la wogula. Misika yakale ya khonsolo, monga wa Luburma ku Kamwala, inacepa, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabuka msika kumadzulo kwa mzinda, pa njira ya ku Kanyama, umene anthu anaucha Soweto. Pamenepo ndipo pamatsitsidwa katundu wa m'malole mbanda kuca, ndipo pamenepo amai a m'makomboni onse amadzaoda.

Pa nthawi imeneyo nkuti maiko a kutali atapanga kale nthoci kukhala malonda akuru a pa nyanja. Mu 1870 Lorenzo Dow Baker, mwini combo wa ku America, ananyamula mikoko ku Jamaica, naigulitsa kwao mwa phindu. Minor Keith, amene anali kumanga njanji ku Costa Rica, anaoka nthoci m'mbali mwa njanji yaceyo, napeza kuti cipatsoco cinalipira koposa anthu okwera. Malonda a anthu awa anaphatikizana mu 1899, nakhala United Fruit Company. Kuyambira 1901 zombo zoziziritsa zinayamba kufikitsa nthoci za ku Jamaica ku Bristol, ndipo cipatso cimene cinali cacilendo cinasanduka ca munthu ali yense m'mizinda ya Azungu. Mtengo wace unalipidwa ndi ena. Mu 1928 asilikari a Colombia anaombera anchito a m'minda ya nthoci amene ananyanyala nchito pa Ciénaga, ndipo mu 1954 boma la Jacobo Arbenz ku Guatemala linagwetsedwa litalanda minda yogona ya kampaniyo kuti ligawire anthu.

Nzeru ya malonda amenewa ndi imodzi: kulimbana ndi masiku. Mkoko umadulidwa uli wauwisi, nugawidwa m'maphava, natsukidwa, naikidwa m'makatoni, ndipo m'combo amasungidwa pa kuzizira kwa madigiri 13 kapena 14, pamene cipatso cimagona osapsa ndiponso osaonongeka ndi cisanu. Zikafika tsidya, amazitsekera m'zipinda ndi kuziuzira mpweya wochedwa ethylene, kuti zipse zonse pamodzi pa tsiku limene mwini sitolo afuna. Mpweya umenewu suli wacilendo. Ndiwo womwewo umene nthoci imatulutsa yokha, ndipo agogo amene anabvundika mkoko m'dzenje kapena mu mtsuko, naufunditsa masamba, anali kugwira nchito imodzimodziyo osadziwa dzina lace. Kusiyana kwace nkwakuti kampani ikhoza kuimitsa masiku, pamene mai wa ku Chawama sangathe. Ngakhale malondawa ali akuru cotero, mwa nthoci zonse za pa dziko, zoposa matani 100,000,000 pa caka, zooloka malire sizipitirira gawo limodzi mwa magawo asanu. India, amene amalima zambiri koposa onse, amadya yekha pafupifupi zonse. Wogulitsa kunja wamkuru ndi Ecuador. Mu Africa, maiko otumiza zambiri ku Ulaya ndi a m'mbali mwa nyanja, monga Côte d'Ivoire, Cameroon ndi Ghana.

Zambia alibe doko, ndipo cipatso cosacedwa kubvunda sicingapikisane ndi ca Ecuador citayamba cayenda masiku pa mseu. Cotero funso la dziko lino silinali la kugulitsa ku London, koma la kudyetsa Lusaka ndi mizinda ya migodi popanda kugula kunja. M'zaka zoyamba za ufulu boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti cigawo ciri conse cikhale ndi nchito yace: tiyi ku Kawambwa, zinanazi za m'zitini ku Mwinilunga, mabatire ku Mansa, njinga ku Chipata, magalasi ku Kapiri Mposhi. Nthoci zinapatsidwa Mununshi, m'cigwa ca Luapula, kufupi ndi dziko la Mwata Kazembe. Kunena za nthaka, madzi ndi kutentha, malowo anasankhidwa bwino. Bvuto linali njira. Kucokera ku Mununshi kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 800. Njira yacidule ya ku migodi inadutsa m'dziko la eni, pa kaciuno ka Congo kochedwa Pedicle, ndipo pa Chembe malole anaoloka Luapula pa pantuni, pakuti mlatho wa pamenepo unatsegulidwa mu 2008. Lole yodikira pa doko tsiku lathunthu, dzuwa liri pamutu, ikasenza mkuwa palibe kanthu. Ikasenza nthoci, katunduyo wayamba kale kupsa.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zocirikizira nchito za boma zinayamba kusowa. Lamulo logulitsa makampani a boma linadza mu 1992, ndipo Mununshi, monga anzace a ku Mansa ndi Mwinilunga, sanalimbe. Minda inabwerera ku chire, ndipo anchito anamwazika. Panapita zaka zambiri kufikira bungwe la boma la Industrial Development Corporation linayambanso kuoka nthoci pamalopo. Ena amati cinapha Mununshi ndi kayendetsedwe ka boma, ena amati ndi kugulitsa kwa cangu. Onse ali ndi mbali yao ya coonadi, koma amene anayang'ana mapu akanaona mdani wacitatu, amene sanasamale za cipani.

Pamene munda wa boma unali kufota, msika wa Soweto sunagone ndi njala, pakuti amalonda ang'ono anapeza njira zao. Ian Smith atalengeza ufulu wa Azungu a ku Rhodesia mu 1965, Zambia anatembenukira kumpoto: mseu wa ku Dar es Salaam, umene oyendetsa malole anaucha Hell Run, unathiridwa tara, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inatha mu 1975. Zonsezi zinamangidwira mkuwa ndi mafuta, koma zinapita pa Mbeya, pakhomo pa Anyakyusa aja, ndipo pa Tunduma ndi Nakonde panayamba kulowa mpunga, mbatata ndi nthoci. Kum'mawa, mlatho wa Luangwa wa 1968 unafupikitsa njira ya ku Petauke, Katete ndi Chipata, kumene madimba ali ambiri. Koma dziko loyenera koposa linali pafupi, kunsi kwa mapiri, pa makilomita ngati 135 kucokera ku Lusaka. Ku Chirundu ndi ku Chiawa, kumene Kafue amathira mu Zambezi, kulibe cisanu, ndipo ngakhale mvula iri yocepa, madzi a mtsinje sauma. Makina opopa madzi atafika, cigwa cimene kale cinadziwika ndi njala ndi kashembe cinakhala ndi minda ya nthoci yobiriwira caka conse. Lole yonyamuka kumeneko madzulo imakwera mapiri usiku, kuli kozizira, nifika pa Soweto kusanace. Mlimi wa kumeneko ali ndi mdani wacewace, ndiye njobvu, imene usiku umodzi ikhoza kugwetsa nchito ya caka.

Mdani woopsa koposa njobvu ndi wosaoneka. Nthoci imene inalemeretsa United Fruit inali ya mtundu wa Gros Michel, ndipo popeza minda yonse inali ya mtundu umodzi, nthenda ya m'nthaka yochedwa Panama inaitha m'zaka za m'ma 1950. M'malo mwace munalowa Cavendish, wochedwa ndi dzina la banja la mfumu ya ku England imene inamsunga m'nyumba ya magalasi pa Chatsworth m'zaka za m'ma 1830. Kabuthu ndi wa pa mtundu womwewo, ndiponso nthoci zazitali za m'minda yothirira. Tsono kunabuka mtundu wina wa nthenda ya Panama umene umagwira Cavendish yemwe. Mu Africa unaoneka koyamba mu 2013, pa munda waukuru wa ku Monapo m'cigawo ca Nampula ku Mozambique, ndipo mu 2019 unafika ku Colombia. Nthendayi imakhala m'nthaka zaka zambiri, ndipo imayenda pa matope a nsapato ndi a matayala.

Pafupi penipeni pali cisaka. Nthenda imeneyi imafalitsidwa ndi nsabwe zakuda za pa nthoci, ndiponso ndi ana a nthoci ozulidwa pa phata lodwala. Masamba amatuluka ang'ono, oimirira, othinana pamwamba, ndipo mmerawo subala. Inaoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, nifalikira ku Nkhata Bay, nitsikira ku Thyolo ndi Mulanje, kumene mabanja a ku Thekerani anali kuphunzitsa ana ndi ndalama ya nthoci. Mankhwala ace palibe, koma kuzula phata lonse ndi kuliononga, ndi kuoka ana oyera ocokera kwa akatswiri. Ndipo nkobvuta kuuza nkhalamba kuti izule nthoci zimene anaoka amace. Malawi, amene anali kudzidyetsa yekha, anayamba kugula nthoci ku Tanzania ndi ku Mozambique. Cisaka cinapezekanso m'Zambia. Mwambo wabwino uja wopatsana mwana wa nthoci pa cibale ndiwo unakhala ngolo ya nthendayo.

Pa mapeto a njira zonsezi pali mai uja wa pathumba. Amadzuka usiku, nakwera minibasi, nalimbana pa mtengo ndi anyamata a pakati amene amaima pakati pa mlimi ndi wogula, nalipira wa wilibala kuti amtulutsire katundu m'matope. Mlimi walandira zace, mwini lole walandira zace, ndipo masiku amene atsala pa moyo wa cipatsoco, atatu kapena anai, ndiwo agwera iye. Tsiku loyamba amachula mtengo wace. Laciwiri amaonjezera mbasela. Lacitatu makoko ayamba madontho, ndipo amagulitsa pa mtengo uli wonse. Zotsala amadya ana. Cimene amaopa ndi tsiku lotayika, ndipo m'Lusaka masiku otere amadza ndi mvula. Kanyama anamangidwa pa mwala wa laimu, pamene madzi a pansi ali pafupi ndipo a pamwamba alibe kolowera. Cigumula ca mu February 1978 cinagwetsa nyumba zambiri, ndipo zaka zambiri pambuyo pace zimbudzi ndi zitsime zosaya zakhala zikusakanizana m'dzinja.

Kolera ya 2017 itakula, boma linatumiza asilikari m'misewu kumapeto kwa December ndi mu January 2018. Anacotsa ogulitsa onse a m'mbali mwa njira, natseka misika kuti itsukidwe, ndipo ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku, kufikira anthu anacita cipolowe. Kuyeretsako kunali koyenera, pakuti anthu anali kufa. Koma wogulitsa salaula anamanga belo lace, nalisunga pansi pa bedi kufikira misika itatsegulidwa, pamene wa nthoci anaona mpamba wace wonse ukuda m'dengu. Nthendayo inabweranso mu October 2023, yoopsa koposa kale, kotero kuti bwalo la mpira la Heroes linasandutsidwa cipatala. Sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 zinakhala zotseka kufikira pa 12 February, ndipo kwa masabata asanu amenewo pa zipata za sukulu za ku Matero ndi Mtendere panalibe mwana wodzagula nthoci imodzi.